Si Zonse Zili Mpheta: Mmene Tingazindikirire Timbalame Todya Njere

Ambiri a ife tikaona kambalame kakang'ono kakutolatola njere pabwalo timangoti, "Ndi mpheta," basi nkhani yatha. Koma mukakhala phee kwa mphindi 20 pafupi ndi pamene anthu amapetera mpunga kapena mapira, muona kuti timbalame tobwera pamenepo n'tosiyanasiyana. Kena n'kabuluu pachifuwa, kena n'kofiira ngati kagwera mu utoto, kena kali ndi kamzere kofiira kodutsa padiso. Lero ndikufuna ndikuonetseni mmene mungatisiyanitsire, kutchire komanso m'khola.

Mwina wina akuti, "Ndiye zindithandiza chani?" Zifukwa ndili nazo zitatu. Choyamba, si kambalame kalikonse kodya njere kamene kamaononga m'munda, ndipo tambiri timafa ndi legeni kapena ulimbo pa mlandu wa mbalame ina. Chachiwiri, luso loyang'anitsitsa chamoyo n'kuchiika m'gulu lake ndi lomwe lija timaphunzira mu Biology pa mutu wa classification, ndipo palibe labotale yotsika mtengo kuposa bwalo la kwanu. Chachitatu, amene akufuna kuweta mbalame ayenera kudziwa ngati imene akugulayo inaswedwera m'khola kapena inachita kugwidwa kutchire.

Tisanapite patali, tigwirizane kaye pa mawu. M'Chichewa "mtundu" amatanthauza zinthu ziwiri. M'nkhani ino ndikati mtundu ndikunena species, ndipo ndikafuna kunena za kufiira, kuda kapena kuyera ndizinena kuti utoto. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti utoto wa nthenga paokha umanamiza. Mbalame imadziwika bwino zizindikiro zingapo zikagwirizana: mlomo, nkhope, msana, mchira, malo amene mwaipeza, khalidwe lake ndi kulira kwake.

Banja lake

Timbalame timene ndikukamba pano tili m'banja limene asayansi amalitcha Estrildidae. Muli mitundu pafupifupi 140, ndipo kwawo kwenikweni ndi madera otentha a Africa, kum'mwera kwa Asia ndi Australia. M'mabuku a Chingerezi mudzatipeza ndi mayina monga waxbill, firefinch, mannikin, pytilia ndi twinspot. Mayina a m'zilankhulo zathu amasiyana dera ndi dera, ndipo dzina limodzi limatha kuphimba mitundu ingapo. Ndiye ine ndigwiritsa ntchito mayina a m'mabuku pamodzi ndi a Chilatini, kuti mukakafufuza mukapeze mbalame yomweyo imene ndikunena.

Tambiri n'totalika masentimita 9 mpaka 13 kuchokera kunsonga ya mlomo kufika kumapeto a mchira. Bolopeni yanuyo ndi yaitali kuposa ito. Kulemera kwake ndi magalamu 10 kapena pafupi pamenepo, ngati shuga wa masupuni a tiyi awiri kapena atatu. Mlomo ndi waufupi, wonenepa kutsinde, wosongoka kunsonga. Njere ikalowa imakhazikika m'kangalande ka m'kamwa chakumwamba, mlomo wapansi n'kuiphwanya, lilime n'kumaitembenuza mpaka khoko litagwa pansi. Chotsalacho chimapita m'chithokomiro, kenako m'nthutumba mmene chimaperedwa, chimodzimodzi nkhuku.

Chisa chake ndi mpira wa udzu wokhala ndi khomo cham'mbali, ndipo mazira ake ndi oyera opanda madontho. Apa timasiyana ndi mbalame zoluka zisa, za banja la Ploceidae, zija zimapachika zisa zolukidwa bwino kunsonga za nthambi kapena pa bango.

Chenjezo limodzi pa mawu oti finch. Azungu amatchula dzinali mbalame za mabanja osiyana. Canary ali m'banja la Fringillidae. Mbalame zotchuka za pa zilumba za Galápagos, zimene Charles Darwin anaziona mu 1835, zili m'banja linanso, la ma tanager a ku America. Zonsezi zili ndi milomo yofanana chifukwa zimagwira ntchito imodzi yophwanya njere. Asayansi amati convergent evolution: zamoyo zosiyana makolo zimafika pofanana maonekedwe chifukwa moyo wake ndi wofanana. Choncho mlomo wonenepa ukuuzani chakudya cha mbalameyo, koma banja lake mufunika umboni wina.

Muziyang'ana pati?

Kambalame kotere sikakudikirani. Nthawi zambiri muli ndi masekondi ochepa kasanauluke, ndiye maso anu azikhala ndi ndondomeko. Ine ndimayamba ndi mlomo: ndi wofiira, wakuda kapena wotuwa? Kenako nkhope: pali kamzere padiso, kadontho patsaya kapena mphete yozungulira diso? Kachitatu msana: ndi wosalala, uli ndi mizere yotsika kuchokera kumutu kupita kumchira, kapena timizere topingasa? Kachinayi pamwamba pa mchira, pamene msana wathera. Malo amenewa amaoneka bwino mbalame ikamauluka kukuthawani, ndipo amathandiza kwambiri. Pomaliza m'nthiti ndi pamimba: pali madontho, mizere, kapena palibe kanthu?

Mukatero onjezani zimene si za thupi. Kali kokha, tiwiri kapena gulu? Kakudyera pansi kapena kakangamira kungala za udzu? Muli pakhomo, kudambo kapena m'tchire la minga? Lembani zonsezi m'kope musanatsegule buku kapena foni. Mukayamba ndi chithunzi, ubongo umakuonetsani zimene mukufuna kuona.

Mitundu imene mungakumane nayo

Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ya banja lino ilipo yambiri ndithu. Ndasankha yochepa imene imapezeka kawirikawiri kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe.

Blue waxbill, Uraeginthus angolensis, ndi kosavuta kuyamba nako. Pamwamba n'kabulauni, koma nkhope, chifuwa, nthiti ndi mchira ndi zabuluu wowala ngati thambo la m'mawa. Kakakazi buluu wake ndi wofooka ndipo safika patali m'nthiti. Timayenda tiwiritiwiri kapena m'timagulu, kudyera pansi, tikulira mopyapyala kuti tsii-tsii. Nthawi zambiri timamanga chisa pafupi ndi chisa cha mavu, ndipo mavuwo amathandiza kuopseza adani. M'bale wake wa ku Kenya ndi Tanzania, red-cheeked cordon-bleu, amafanana nako kwambiri, kungoti yamphongo ili ndi dontho lofiira patsaya.

Red-billed firefinch, Lagonosticta senegala, ndi mnansi wa anthu. Kamakonda m'midzi ndi m'matauni, ndipo kamatha kumanga chisa m'denga la udzu. Kamphongo n'kofiira kumutu ndi pachifuwa, kabulauni pamsana, mlomo wofiira, ndipo diso lazunguliridwa ndi kamphete kachikasu. Cham'mbali mwa chifuwa muli timadontho toyera ting'onoting'ono. Kakakazi n'kabulauni pafupifupi thupi lonse, koma yang'anani bwino: kali ndi kadontho kofiira patsogolo pa diso, ndipo pamwamba pa mchira n'pofiira. Abale ake awiri, Jameson's firefinch ndi African firefinch, nawonso ndi ofiira, koma milomo yawo ndi yakuda motuwira ndipo kunsi kwa mchira n'kwakuda. Mwaona? Mukangoti "kambalame kofiira" simunanene kanthu. Mlomo ndi umene wagamula mlandu.

Common waxbill, Estrilda astrild, n'kotuwa mwabulauni, thupi lonse lili ndi timizere topingasa topyapyala. Kali ndi mlomo wofiira kwambiri ndi kamzere kofiira kodutsa padiso ngati kavala magalasi, komanso kufiira pang'ono pakati pa mimba. Timakonda madambo, bango ndi udzu wautali wa m'mbali mwa mitsinje, ndipo timayenda m'magulu. Dzina loti waxbill linabwera chifukwa mlomowo umafanana ndi phula lofiira limene kale ankamatira makalata.

Bronze mannikin, Spermestes cucullata, n'kakang'ono kuposa tonse tatchulidwati, masentimita 9 kapena 10 basi. Mutu ndi khosi n'zakuda, msana wabulauni, mimba yoyera, m'nthiti muli mizere yakuda ndi yoyera. Dzuwa likawala bwino paphewa pamaoneka kadontho kobiriwira konyezimira. Mlomo wapamwamba ndi wakuda, wapansi wotuwa. Kamphongo ndi kakakazi n'tofanana. Timakangamira kungala za udzu m'magulu, tikadzidzimuka n'kuulukira limodzi mumtengo, kenako n'kumatsika kamodzikamodzi. Mukaona kofanana nako koma msana uli wofiirira ngati njerwa yootcha, ameneyo ndi red-backed mannikin.

Green-winged pytilia, Pytilia melba, amakonda tchire louma la minga. Yamphongo ndi yofiira pachipumi ndi pakhosi, mutu wotuwa, msana ndi mapiko zobiriwira, chifuwa chachikasu, mimba ya mizere yakuda ndi yoyera, mchira wofiira. Yaikazi ilibe kufiira kumaso, mutu wonse ndi wotuwa.

Tiyeni tipange key

Dichotomous key ndi mndandanda wa mafunso, lililonse lili ndi mayankho awiri okha. Nayi imene ndakukonzerani ya mbalame zazikulu za mitundu tatchulayi.

1a. Msana uli ndi mizere yakuda yotsika: si ya banja lino, werengani gawo lotsatira.
1b. Msana ulibe mizere yotsika: pitani pa 2.
2a. Pachifuwa ndi mchira pali buluu: blue waxbill.
2b. Palibe buluu: pitani pa 3.
3a. Kamzere kofiira kadutsa padiso, thupi lili ndi timizere topingasa: common waxbill.
3b. Palibe kamzere kotero: pitani pa 4.
4a. Mutu wakuda, mimba yoyera, pamwamba pa mchira palibe kufiira: mannikin.
4b. Pamwamba pa mchira n'pofiira: pitani pa 5.
5a. Msana wobiriwira, mimba ya mizere yakuda ndi yoyera: green-winged pytilia.
5b. Msana wabulauni kapena wofiirira: pitani pa 6.
6a. Mlomo wofiira: red-billed firefinch.
6b. Mlomo wakuda motuwira: Jameson's firefinch kapena African firefinch.

Dziwani kuti key imagwira ntchito pa zamoyo zokhazo zimene woipangayo anaikamo. Mukakumana ndi kambalame kamene sikakulowa paliponse, musakakakamize. Lembani mmene kalili, kenako wonjezerani funso lanu pa key.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi ana. Mwana wa bronze mannikin amene wangotuluka m'chisa ndi wabulauni yense, alibe mutu wakuda kapena mizere m'nthiti. Mwana wa common waxbill mlomo wake ndi wakuda, umafiira akamakula. Mukaona kambalame kosadziwika kali m'gulu, onani kamene kakukadyetsa kapena kamene kakuyenda nako.

Msampha wachiwiri ndi nyengo. Mbalame zina zodya njere zimasintha nthenga kawiri pachaka. Pin-tailed whydah yamphongo nthawi ya dzinja imakhala yakuda ndi yoyera, mlomo wofiira, mchira wautali pafupifupi masentimita 20. Mvula ikatha imathothola nthenga zokongolazo n'kusanduka yabulauni ya mizere, yofanana ndi yaikazi. Amene sadziwa amaganiza kuti inasamuka, pamene ili pompo.

Msampha wachitatu ndi umene umaphetsa timbalame tosalakwa. Mbalame yodziwika kwambiri pa kuononga mpunga, mapira ndi mchewere mu Africa ndi red-billed quelea, Quelea quelea, ya banja la zoluka zisa. Nayo ili ndi mlomo wofiira, ndiye munthu wongoyang'ana mlomo akhoza kuisokoneza ndi common waxbill. Koma msana wa quelea uli ndi mizere yotsika, mlomo wake ndi waukulu, ndipo imauluka m'magulu a zikwi ndi zikwi ooneka ngati utsi. Nthawi yoswana, zamphongo zambiri zimakhala ndi nkhope yakuda ngati zavala chigoba, ndipo mlomo wa yaikazi umasanduka wachikasu. Ma mannikin nawo amadya mpunga kapena mawere akawapeza, koma magulu awo ndi aang'ono. Blue waxbill ndi firefinch chakudya chawo chachikulu ndi njere za udzu zogwa pansi, kuonjezerapo chiswe ndi tizilombo tina. Kuwatchera ulimbo sikupulumutsa munda wa munthu aliyense.

Mbalame imene imadziwika ndi nyimbo

Tsopano ndikuuzeni za mbalame zimene zimagonjetsa maso, zofuna makutu. Pali banja lina, Viduidae, la ma whydah ndi ma indigobird. Izi sizimanga zisa. Yaikazi imaikira mazira ake oyera m'chisa cha mbalame ya banja la Estrildidae, n'kuchoka, eni chisa n'kulera mwanayo pamodzi ndi awo. Ndipo siingoikira paliponse ayi. Village indigobird, Vidua chalybeata, imaikira mwa red-billed firefinch. Purple indigobird imaikira mwa Jameson's firefinch. Dusky indigobird imaikira mwa African firefinch. Pin-tailed whydah imakonda chisa cha common waxbill, ndipo long-tailed paradise whydah imapita kwa green-winged pytilia.

Nanga eni chisa osazindikira bwanji? Yankho lili m'kamwa. Ana a banja la Estrildidae akayasamula, m'kamwa mwawo muli timadontho kapena timizere takuda, ndipo m'mbali mwa mlomo muli timatuza toyera, tabuluu kapena tachikasu. Mtundu uliwonse uli ndi kalembedwe kakekake, ndipo makolo amadyetsa bwino mwana amene m'kamwa mwake mukuoneka ngati mwa mtundu wawo. Mwana wa indigobird kapena whydah amabadwa ndi kalembedwe kofanana ndi ka ana a eni chisa. Zimenezi ndi zachibadwa, zili m'majini. Wasayansi wa ku Germany, Jürgen Nicolai, anazifotokoza bwino m'zaka za m'ma 1960.

Vuto kwa ife ofuna kuzizindikira ndi lakuti ma indigobird amphongo onse ndi akuda monyezimira, ndipo aakazi onse ndi abulauni a mizere. Mlomo ndi miyendo zimathandizako. Kum'mwera kwa Africa, village indigobird imakhala ndi mlomo wofiira ndi miyendo yofiira, dusky indigobird mlomo woyera ndi miyendo yofiira, purple indigobird mlomo woyera ndi miyendo yoyererako. Koma m'madera ena village indigobird ili ndi mlomo woyera, ndiye chizindikirochi sichokwanira. Umboni wamphamvu ndi nyimbo. Yamphongo imaphunzira kulira kwa mbalame imene inailera, ndipo ikakula imasakaniza kulirako m'nyimbo yake. Indigobird imene ikuimba ngati red-billed firefinch ikukuuzani chisa chimene inakuliramo, ndipo potero ikukuuzani mtundu wake.

Robert Payne wa ku University of Michigan, amene anaphunzira mbalamezi kwa zaka zambiri mu Africa, anayesa nkhaniyi m'khola. Iye ndi anzake anapereka ana a village indigobird kuti aleredwe ndi Bengalese finch, mbalame yoweta yochokera ku Asia imene indigobird singakumane nayo kutchire. Amphongo atakula ankaimba nyimbo za Bengalese finch. Aakazi ankakopeka ndi amphongo oimba nyimbo zimenezo, ndipo ankaikira mazira m'zisa za Bengalese finch. Zotsatira za aakaziwa zinasindikizidwa mu 2000. Taonani kusiyana kwake: kalembedwe ka m'kamwa n'kobadwa nako, koma nyimbo ndi kusankha chisa n'zophunzira. Mu 2003 Michael Sorenson, Kristina Sefc ndi Payne anaonetsa kudzera mu DNA kuti mitundu yatsopano ya indigobird imayamba motere. Yaikazi ikaikira m'chisa cha mtundu wachilendo ana n'kupulumuka, anawo amakwatirana okhaokha chifukwa cha nyimbo, ndipo mzere watsopano wayamba.

Pempho langa n'lakuti musakatsegule zisa kuti mukaone m'kamwa mwa ana. Makolo amatha kuthawa chisa chimene chasokonezedwa. Zithunzi zake zilipo m'mabuku a mbalame ndi pa intaneti.

M'khola zinthu zimasintha

Kutchire malo amakuthandizani. Mukakhala ku Zomba kapena ku Chipata, mbalame za ku Australia mwazichotsa kale pamndandanda. M'khola thandizo limeneli palibe, chifukwa mbalame za makontinenti atatu zimatha kukhala pamtengo umodzi. Chinanso, oweta akhala akusankha mbalame za utoto wachilendo n'kumaziswanitsa, mpaka kupeza zoyera, zachikasu kapena zamawangamawanga zimene kutchire simungazione. Komanso mitundu yoyandikana ikatsekeredwa pamodzi imatha kuberekana, ana ake n'kukhala osakanikirana. Ubwino wake ndi woti mbalame ya m'khola siithawa, mukhoza kuiyang'ana mpaka mutakhutira. Yambani ndi kukula, kaumbidwe ka mlomo ndi kutalika kwa mchira, utoto ubwere pambuyo.

Zebra finch kwawo ndi ku Australia, ndipo ndi imodzi mwa mbalame zowetedwa kwambiri padziko. Yamphongo ili ndi masaya a olenji, timizere takuda ndi toyera pakhosi, nthiti zofiirira za madontho oyera ndi mlomo wofiira. Yaikazi ndi yotuwa, mlomo wa olenji. Zikakhala zoyera thupi lonse zizindikiro za nthenga zimasowa, ndiye yang'anani mlomo, wa yamphongo ndi wofiira kwambiri, ndipo mvetserani chifukwa yamphongo yokha ndiyo imaimba. Ana ake mlomo umayamba uli wakuda. Asayansi amaigwiritsa ntchito kwambiri pofufuza mmene ubongo umaphunzirira mawu, ndipo majini ake onse anawerengedwa n'kufalitsidwa mu 2010.

Bengalese finch, imene ena amati society finch, ndi ija tinakumana nayo pa kafukufuku wa Payne. Kutchire kulibe. Inachokera kwa white-rumped munia, Lonchura striata, ndipo yakhala ikuwetedwa ku Japan kwa zaka pafupifupi 250. Imakhala yabulauni, yoyera kapena yamawanga. Yamphongo ndi yaikazi n'zofanana, ndiye njira yozisiyanitsa ndi kudikira kuti muone imene ikuimba uku ikufufumitsa nthenga ndi kudumphadumpha. Oweta amaikonda chifukwa imalera ana a mbalame zina mosavuta.

Gouldian finch nayo ndi ya kumpoto kwa Australia. John Gould anaitcha dzinali mu 1844 pokumbukira mkazi wake Elizabeth. Msana ndi wobiriwira, chifuwa chapepo, mimba yachikasu. Nkhope imatha kukhala yakuda, yofiira kapena yachikasu, koma zonsezo ndi mtundu umodzi. Kutchire za nkhope yakuda ndi zimene zili zambiri, zachikasu n'zosowa kwambiri. Yaikazi imadziwika ndi chifuwa chofooka utoto. Apanso utoto ukanakunamizani kuti pali mitundu itatu.

Java sparrow ndi yaikulu kuposa zonsezi, masentimita 15 kapena kupitirira pang'ono. Ndi yotuwa, mutu wakuda, masaya oyera, mlomo waukulu wofiira mwapinki. Yoyera thupi lonse iliponso, koma mlomo umaiulula. Kwawo ku Java ndi Bali tsopano ili pamndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yotha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kugwidwa kuti ikagulitsidwe.

Yoswedwera m'khola kapena yogwidwa?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa dzina la mbalame. Oweta ambiri amaveka mwana wa mbalame mphete yopanda msoko kumwendo ali ndi pafupifupi sabata imodzi, phazi likadali laling'ono. Phazi likakula mpheteyo siingavulidwe, ndipo yotero siingalowe pa mbalame yaikulu. Choncho mphete yopanda msoko ndi umboni wabwino woti mbalameyo inaswedwera m'khola. Mphete yotsegula ndi kutseka aliyense akhoza kuiveka nthawi ina iliyonse.

Dzina la mtundu limakuuzaninso zambiri. Australia inaletsa kutumiza kunja mbalame zake zakutchire kuyambira 1960, ndiye zebra finch kapena Gouldian finch imene mungaione pamsika kuno ndi mbadwa ya m'khola. Koma munthu akamagulitsa blue waxbill, firefinch kapena pytilia zambirimbiri m'kakhola kamodzi, zopanda mphete, zikuwulukira uku ndi uku mwamantha, nthenga zakumutu zitanyuka chifukwa chogunda waya, dziwani kuti mwina zachokera kutchire. Timbalame ta ku Africa totere tinkatumizidwa tambirimbiri ku Ulaya, mpaka European Union inaimitsa kulowetsa mbalame zogwidwa kutchire mu 2005 poopa chimfine cha mbalame, n'kukhazikitsa chiletsocho mu 2007. Kuno ku Malawi nyama ndi mbalame zakutchire zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, ndipo za zilolezo amayang'anira ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Langizo langa ndi lachidule: yakutchire isiyeni kutchire.

Ndipo yam'khola ikhale m'khola. Mukatopa nayo ipatseni woweta wina, musaitsegulire kuti izipita. Nthawi zambiri imafa, koma ikapulumuka imatha kukhazikika kumene si kwawo n'kumalimbirana chakudya ndi mbalame za kumeneko. Common waxbill yathu yomweyi lero ikuswana kutchire ku Portugal ndi ku Brazil, kumene inafika ndi anthu.

Ntchito ya sabata ino

Pezani mbale yosazama, ikanimo madzi oyera, muiike pansi pafupi ndi chitsamba pamene mphaka sangabisale. Mbalame zodya njere zouma zambiri zimafuna kumwa pafupipafupi, makamaka m'chilimwe, ndiye zibwera. Mukhoza kuwaza madeya kapena mawere pang'ono pambali. Khalani patali mamita 5 kapena 6, dzuwa lili kumbuyo kwanu, m'mawa musanapite kusukulu kapena madzulo mukaweruka. Madziwo muzisintha tsiku lililonse.

M'kope jambulani mizere isanu ndi itatu: tsiku ndi nthawi, mlomo, nkhope, msana, pamwamba pa mchira, mimba ndi nthiti, kuchuluka kwake, kulira kwake. Chitani zimenezi kwa masiku 7. Kenako yesani key ija pa mbalame iliyonse, ndipo funsani agogo kapena akuluakulu a kwanu dzina limene iwo amaitchula, mulilembe pambali pa la Chilatini. Ngati pasukulu panu pali wildlife club, kayerekezeni zimene mwapeza ndi za anzanu ochokera m'midzi ina.

Amene mupeze red-billed firefinch pakhomo panu, muli ndi ntchito yachiwiri. Mvula ikagwa udzu n'kuyamba kubereka, yang'anani pansonga za mitengo ndi pa mawaya a magetsi apafupi. Mukaona kambalame kakuda bii kakuimba pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, lembani utoto wa mlomo ndi wa miyendo yake, kenako mvetserani ngati m'nyimbo yakeyo mukumveka kulira kwa firefinch ija.